Lichero la Lachisanu

Linali Lachitatu m'mawa, belu la kusukulu litangolira la 9 koloko, pamene alamu anga a Veronika anagwada pansi n'kulowetsa dzanja kunsi kwa bedi lathu. Mpaka nthawi imeneyo ndinali mayi wamasiye basi, wometa mpala, wodya zimene wapatsidwa, aliyense akundimvera chisoni. Pofika masana ndinali chinthu china. Ndinene msanga kuti palibe amene anandikumbira dzenjelo. Ndinakumba ndekha ndi pakamwa panga, ena anangothandiza kukwirira.

Amuna anga, a Damiyano, ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Mtakataka. Ananditenga chitengwa ndili mtsikana, kuchokera kwathu kumbali ya ku Golomoti, ndipo imvi zinandimerera pamudzi pa eni. Tinabereka ana awiri, Tereza ndi Yohane. Onse anatisiya asanayambe sukulu, wina ndi malungo, wina ndi chikuku. Titaika wachiwiriyo nyumba inatikulira. Tinkadya osayang'anana, nkhani zathu zinali za mchere ndi sopo.

Tsiku lina bambowa anagula kanyenya wa nsomba pamsika, ndiye wogulitsayo anawakulungira m'pepala lojambulidwa munthu wachitsulo, mutu wake ngati ndowa. Nsomba anadya, pepala anasunga. M'mawa mwake anabwerera kukafunsa kumene linachokera. Wakanyenyayo anali ndi katoni yodzaza mabuku opyapyala a zithunzi, akalekale, a kwa azungu, ofiirira m'mbali ndi onunkha nkhungu. Anawapeza kwa ogulitsa mapepala akutha kutauni, ndipo ankangong'amba tsamba limodzilimodzi. A Damiyano anamukonzera njinga yake yonse, kuyambira masipoko mpaka chishalo, n'kubwera ndi katoniyo pa kaliyala ngati atenga mkwatibwi.

Mabukuwo anali odabwitsa kapangidwe kake. Lililonse linali ndi nambala pakona, ndipo m'kati munali nkhani zinayi, zonse zoduka. Nkhani ikafika pokoma, munthu akulendewera kuphompho ndi dzanja limodzi, tsamba linkathera pomwepo n'kuyamba nkhani ina. Kuti udziwe ngati wagwa, umayenera kutsegula buku la nambala yotsatira. Akuti kwawoko linkatuluka limodzi pa sabata, anthu n'kumadikira. A Damiyano anawayala pamphasa, anawasanja motsatira manambala, kenaka anaika lamulo: buku limodzi pa sabata, Lachisanu.

"Eniake ankadikira sabata yathunthu," anatero. "Ife ndife ndani kuti tizimeza osatafuna?"

Manambala ena anali atapita kale ndi kanyenya. Tikafika pamenepo ankangoti, "Apa padutsa mafuta," n'kulumikiza okha. Chizungu chawo chinali cha Sitandade 6 chowonjezera ndi cha pa mapaketi a machubu. (Changa ndi "yesi" ndi "no". Sukulu ndinangoilawa, kenaka ndinapatsidwa ang'ono anga kuti ndizibereka kumbuyo.) Ndiye iwo ankaloza ndi chala mawu otuluka m'kamwa mwa anthuwo ngati utsi, n'kumandiuza m'Chichewa, akusintha mawu, wina wamabesi, wina wam'mphuno.

Munali nkhani ya wachitsulo uja, amene ankalondera chitsime chimodzi chokha m'dziko lopanda mvula. Munali ya mtsikana wokhala m'mudzi wa pansi pa nyanja, wopuma ngati chambo. Ina inali ya abuluzi aakulu ngati nyumba, imeneyo sindinkaikonda, kunali kungodyana. Koma yanga inali yachinayi, ya bambo wina amene tinamutcha Gonthi chifukwa ankavala chipewa chagalasi chokuta mutu wonse mpaka makutu. Gonthiyu anatengedwa pakhomo pake ndi anthu owonda, amitu ikuluikulu, amaso ngati mbale. Amenewo tinawatcha Achimitu. Chimene anabwera nacho chinali chozungulira, chophwatalala, cha mkombero m'mbali. Tsiku loyamba kuchiona ndinaseka mpaka misozi, kuseka koyamba chimwalirire Yohane.

"Bambo, koma ilitu ndi lichero!"

Dzinalo ndinapereka ndine. Musaiwale zimenezo poweruza.

Malinga ndi a Damiyano, Achimituwo anali olemba anthu ntchito, ngati aja ankatengera amuna ku migodi ya ku Joni kale. Gonthi anapita kukagwira ntchito kuseri kwa mwezi, ankazunzika inde, koma tsiku lina adzabwera ndi bulangeti ndi wailesi. Mkazi wake ankaoneka mwa apo ndi apo, kachithunzi kamodzi pakona, ataima pabwalo akuyang'ana kumwamba. Ine ndinkadikira mayi ameneyo kuposa onse.

Lachisanu likafika bambowa ankaweruka msanga. Ndinkamva belu la njinga akadali kumsewu, ndipo akafika pabwalo ankafuula, "Mayi, tsekani chitseko, tikwere lichero!" Chitseko tinkatsekera ana a pamudzi, omwe manja awo a mango akanamaliza zimene wakanyenya anasiya. Tinkakhala m'katimo dzuwa likadalipo, kuwala kukulowera pawindo, kenaka n'kutuluka tikuseka. Iwo ankadziwongola msana n'kunena kuti, "Lero tafika kutali," kapena, "Lero tatsala pang'ono kupsa." Khitchini ya a Veronika, mlongo wawo wa malemuwa, inali pafupi moti akathira mchere ife tinkamva. Ndiye nawonso ankatimva. Sindinaganizepo.

Lachisanu lomaliza, Gonthi anaba kalichero kakang'ono n'kuthawa. Chithunzi chomalizira chinaonetsa kalicheroko kakuyaka moto kumbuyo, dziko lathu likuoneka patali ngati dzira la nkhanga, Achimitu ali pambuyo. Ndinawagwira dzanja a Damiyano.

"Bambo, lero lokha. Tsegulani linalo."

"Lachisanu, mayi."

"Nanga akapsa?"

"Akapsa apsa Lachisanu. Pakali pano ali moyo."

Lolemba bambowa anagwa ali chigwirire sipanala. Anangoti mutu, mutu. Anyamata a kabaza anathamanga nawo kuchipatala ku Mua, koma dzuwa lisanapendeke anali atapita. Adokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Pamudzi mawu amenewo anawalandira ngati ndiwo zopanda mchere kwa apongozi: pakamwa zikomo, mumtima mafunso. Munthu wadya phala m'mawa, wapalasa njinga yekha, wapereka moni kwa aliyense, afe bwanji masana?

Utatha mwezi linafika tsiku logawa katundu wa malemu, Lachitatu lija. Anthu anakhala pabwalo pathu, amuna pamipando, amayi pamphasa. Wotsogolera anali amalume a malemu, a Jailosi, nkhalamba yofatsa yosakonda phokoso. Kwathu kunabwera achimwene anga a Piyo okha, popeza makolo anatha kale. A Veronika ndi amene ankatulutsa zinthu. Njinga, pampu, masipanala, jekete ya ukwati, nsapato. Kenaka anatuluka atakumbatira katoni, n'kuiika pakati pa bwalo.

Buku lapamwamba linali lija tinkati tidzatsegule. Pachikuto panali chilichero chachikulu chitaima pamwamba pa nyumba, kuwala kukutsika ngati mvula, ndipo m'kuwalamo amuna akukwera m'mwamba, maso otseka, manja ali lende. A Veronika analigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

(Apa ndi pamene munthu wanzeru amati, "Kaya, ndi za malemu, ine sindidziwa kuwerenga." Akanakaziponya kuchimbudzi, nkhani n'kuthera pomwepo.) Koma ine nditaona bukulo mtima unalumpha ngati ndaona malaya awo pachingwe. Ndinamwetulira.

"Limenelo ndi lichero lathu la Lachisanu."

Mwana aliyense kwathu kuno amadziwa amene amakwera lichero, nthawi imene amakwera, ndi zimene amakachita. Inenso ndinkadziwa. Koma m'nyumba mwathu mawuwo anali atasiya kuluma kalekale, ngati galu wapakhomo. Ndinaiwala kuti kwa alendo akadali ndi mano.

A Jailosi anapendeketsa khutu. "Mwati lichero la chiyani, mayi?"

"La Lachisanu, amalume. Tinkakwera kamodzi pa sabata."

"Munkakwera."

"Ee, awirife. Oyendetsa anali iwo, ine ndinkangotsatira."

"Kupita kuti?"

"Kutali. Kumwezi, kuseri kwa mwezi. Kwina kulibe n'komwe mvula."

Achimwene anga anayamba kukhosomola ngati atsamwa ndi chinangwa chouma. Ine ndinaganiza kuti ndi fumbi, mpaka ndinauza mwana wina kuti awatungire madzi.

A Veronika anaimirira n'kumanga chitenje m'chiuno. "Ndinkamva ine! Ndi makutu angawa! Lachisanu lililonse, dzuwa lili phwee, chitseko chotseka. 'Tikwere lichero, tikwere lichero.' Ndinkati ndi zocheza za m'banja, n'kumachita manyazi kufunsa. Tsiku lina achimwene anatuluka thukuta lili kamukamu, akuti, 'Lero tatsala pang'ono kupsa.' Kupsa ndi chiyani m'nyumba mopanda moto?"

Mayi wina amene anakhala nane mphasa imodzi anasendera pang'onopang'ono mpaka anakakhala padothi. Apo m'pamene ndinamva mawu anga omwe ngati wanena ndi wina.

"Ayi, ayi," ndinatero. "Si lichero lenileni. Ndi nkhani. Ndi za Gonthi."

"Gonthi ndi ndani?"

"Amene anatengedwa ndi Achimitu."

"Achimitu ndi a mudzi uti?"

Achimwene anasiya mpando wawo, anabwera n'kunjuta pafupi nane. "Chemwali, khalani chete. Ndiyankhula ndine."

Ndikanawamvera. Koma ndinkadziwa kuti ndilibe mlandu, ndipo munthu wopanda mlandu ndi amene amayankhula kwambiri. Ndinakweza mawu kuti onse amve.

"Itanani a Matiyasi adzawerenge. Mumve nokha kuti mulibe choipa."

A Matiyasi anali aphunzitsi opuma, oyimbitsa kwaya kutchalitchi, munthu woona mtima moti sanganene kuti ndiwo zakoma zisanakome. Anabwera ndi magalasi awo omanga ndi ulusi, anakhala pampando, n'kulandira bukulo ndi ulemu. Sanauzidwe kuti nkhani yafika pati. Anangouzidwa kuti awerenge. Anayamba ndi Chizungu, mokweza, ngati ali kutsogolo kwa kalasi, kenaka anamasulira.

"Uyu wamutu waukuluyu akuuza anzake kuti, 'Tsikani mwakachetechete onse akagona. Sankhani amuna amphamvu okhaokha.'" Ananyambita chala, n'kutembenuza tsamba. "Apa akuti, 'Achotseni nzeru ndi mawu, asadzakumbukenso kwawo. Abale awo aziyesa kuti anafa. Akatilimira minda yathu mpaka mafupa atatha.'"

Kumbuyo kwa amayi wina ananena chapansipansi, koma tonse tinamva. "Ndondocha."

"Aphunzitsi, mwawerenga molakwika," ndinatero. "Amenewo ndi olemba ntchito. Amapereka bulangeti."

"Mayi, bulangeti palibe apa."

"Yang'anani bwino. Ndi wailesi."

Anayang'anadi, anthu abwino, mpaka kuseri kwa tsambalo. "Palibe, mayi."

Mpaka lero sindidziwa ngati Chizungu chinkawaterera a Damiyano, kapena ankamva bwinobwino koma n'kumandiphikira zofewa kuti ndizigona tulo. Funso limenelo linabwera pambuyo. Pa nthawiyo ndinangoona nkhope za anthu amene ndinatunga nawo madzi zaka zonsezo zikusanduka za alendo.

A Matiyasi anavula magalasi, anayang'ana uku ndi uku, ndipo anazindikira chimene achita. Anayesa kundipulumutsa.

"Abale, tisachite mantha. Izi ndi zopeka chabe, palibe amene anaziona. Kwa azungu mabuku amenewa ndi a ana. Amawagulira ana aang'ono kuti azolowere..."

Ankafuna kunena kuti azolowere kuwerenga. Sanamalize.

"Ana! Mwamva? Ndi ophunzitsira ana!"

Amayi anayamba kuitana ana awo mayina, aliyense kukoka wake padzanja. Wina anamenya mwana wake pamsana pomufunsa ngati ndinamupatsapo chakudya. Ndinamupatsadi, kambirimbiri. Panalibe mwana pamudzipo amene sanadyepo mbatata yanga.

Tsopano ndikuuzeni chomaliza, chimene achimwene amati akachikumbukira mutu umawapweteka. Ndinaganiza kuti anthuwa akaona lichero lenileni pafupi ndi la m'bukulo, aona okha kusiyana kwake. Ndinadzuka, ndinakatenga lichero langa pakhonde, n'kuima nalo pakati pa bwalo, mpala wanga ukuwala padzuwa.

"Onani. Ili ndi lopetera. Lilibe mawindo, lilibe moto. La m'bukumo limachita chonchi."

Ndinalikweza pamwamba pa mutu, n'kulizunguza ndi manja awiri mmene ankachitira a Damiyano ndi mbale, ndikulira kuti wiii. Manja anali athukuta. Linandipulumuka.

Sindinkadziwa kuti lichero ukalizunguza limaulukadi. Linadutsa pamwamba pa mitu ya amayi, mosafulumira, mokongola ndithu, linakhota pang'ono ngati likusankha, n'kukatera pamiyendo pa a Jailosi. Nkhalambayo inagwa chagada ndi mpando womwe. Amayi anabalalika, wina anasiya patapata, wina analowa m'khola la mbuzi. Mkulu wina wa kutchalitchi anayamba pemphero koma analiyambira pakati. Ine ndinatsala chiimire, manja akadali m'mwamba.

Masiku ano ndikakhala ndekha ndimaseka. Tsikulo palibe amene anaseka.

A Veronika okha ndi amene sanathawe. Anali akulira, ndipo sikunali kulira konamizira. Malemuwa ndi amene anawalera makolo atamwalira, ndi amene anawamangira nyumba banja litatha. Anandiyandikira mpaka ndinamva mpweya wawo.

"Achimwene anga ali kuti? Akulima munda wa yani? Ndiuze, ndikawaone ngakhale patali." Anapukuta mphuno ndi chitenje. "Nanga Tereza? Nanga Yohane? Unayamba ndi iwo?"

Pamenepo mawu anandithera. Anachedwa kutha, koma anatha. Tereza anafera pamsana panga panjira yopita ku Mua, ndipo amene anandithandiza kumumasula anali a Veronika omwewo. Ndinakhala pansi pomwepo, padothi.

Anthu anayamba kubwerera, koma osati pamphasa. Anaima mozungulira patali. Ndinaona anyamata ena kuseri kwa nkhokwe akutola zidutswa za njerwa, osabisa n'komwe. Achimwene anawaonanso. Anadzutsa a Jailosi, anawasasa fumbi, n'kupita nawo pambali. Anayankhula nthawi yaitali. Atabwera, a Jailosi sanandiyang'ane kumaso.

"Mayi, ine sindikuti ndinu, sindikutinso si inu. Mwakhala nafe bwino. Koma ndakalamba, sindingathe kukulonderani pakhomo. Tikusudzulani lero lomwe. Mabukuwa ndi licheroli tiwotcha anthu akuona. Inu munyamuke ndi achimwene anu dzuwa lisanalowe."

Mwambo umene umatenga miyezi, wokhala ndi mowa ndi malangizo, unatha msanga kuposa kuphika therere. Nyumba imene ndinaizira ndi manja anga, munda umene ndinali nditagalauza kale mizere kudikira mvula, mitumbira iwiri ing'onoing'ono ndi waukulu watsopano uja, zonse zinatsala. Anandilola kutenga miphika, zovala ndi mphasa.

Atabweretsa palafini ndinapempha chinthu chimodzi. (Mukuona kuti ndinali ndisanaphunzirebe.)

"Amalume, musanayatse, aphunzitsi aone buku lapansi penipeni. Andiuze ngati Gonthi anafika kwawo."

Achimwene anagwira kumutu. A Veronika anaomba m'manja kamodzi. "Mwamumva? Akufunsa za anzake!"

Koma a Matiyasi anagwada, ngakhale maondo awo anali ovuta, n'kufukula katoniyo mpaka pansi. Anatulutsa buku lomaliza, anapeza nkhani yachinayi, anawerenga chamumtima milomo ikugwedera. Ulendo uno sanakweze mawu. Anabwera pafupi nane.

"Mayi, nambala yomaliza ndi iyi. Munthu wanuyo akadali m'mwamba."

"Sanapse?"

"Sanapse. Koma sanafike."

"Mkazi wake?"

Anandionetsa pakona. Anali pomwe paja, pabwalo, akuyang'ana kumwamba.

"Nanga apa pansi alemba chiyani?"

"Alemba kuti ipitirira sabata yamawa."

Ndiye kuti mathero munalibe m'katonimo chiyambire. A Damiyano anasanja okha mabukuwo, ankadziwa kuti lapansi likuthera m'malere. Zimene ankati adzandiuze tikadzafika pamenepo anapita nazo.

Mapepala akale sachedwa kupsa. Moto unakwera kamodzi n'kamodzi, wachitsulo uja ndi mtsikana wa pansi pa nyanja ndi abuluzi onse anapiringizika n'kuda. Lichero linathetheka pamwamba pake. Choipa n'chakuti pepala likapsa limauluka, ndiye timapepala takuda tinayamba kukwera m'mwamba n'kumatera pamadenga. Anthu ankazinda n'kumalozerana. Ngakhale phulusa linandichitira umboni woipa.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka, ine pa kaliyala, mtolo pamiyendo. Palibe amene anatiperekeza, palibenso amene anaponya njerwa, ndipo pa zimenezo ndimathokoza a Jailosi, Mulungu ause mzimu wawo. Achimwene anapalasa mpaka titadutsa njanji. Kenaka anati, "Chemwali, pa zinthu zonse za pakhonde paja, mtondo, tsache, ndowa, munasankha lichero?" Anayamba kugwedera mapewa, njinga n'kumapita uku ndi uku. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo sindinafunse.

Nkhani inatitsogolera. Anyamata a kabaza amayenda msanga kuposa munthu wokweza mlongo wake ndi miphika. Pofika ku Golomoti anthu anali atamva kale kuti ndinauluka ndekha kuzungulira mudzi katatu, ndi kuti amalume anathyoka msana. Dzina linali likundidikira: Nalichero. Sandiitana pamaso, koma ana sadziwa kunong'ona.

Achimwene anandipatsa kanyumba kuseri kwa yawo ndi kachigawo ka munda kudambo. Akazi awo ndi munthu wabwino, amandipatsa moto ndi mchere, koma ndikamabwera amalowetsa lichero lawo m'nyumba ngati akuchotsa zovala pamvula. Kutchalitchi ndimakhala benchi yanga ndekha, yotakasuka bwino. Mwana akadwala pamudzi ndimakhala m'nyumba mpaka achire, ndipo ndimamupempherera kuposa mayi wake.

A Matiyasi anabwera kamodzi pa minibasi kudzapepesa. Anakhala pakhonde akuzunguza chipewa m'manja.

"Mayi, ine ndinangowerenga zimene zinalembedwa."

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Ndinakuitanani ndine."

Ndinawaphikira tiyi. Anamwa yense, mpaka pansi pa kapu, anthu akuona. Sindidzaiwala zimenezo.

Za a Veronika ndimamva kuti akudwaladwala miyendo, ndipo akuti ndine. Sindiwada. Akanakhala iwo ataima pabwalo ndi mpala, akuulutsa lichero pa amalume, mwina inenso ndikanasendera padothi.

Achimwene amati pa zonsezi ndinaphunzirapo kuti munthu akakufunsa kuti ichi n'chiyani, yankho ndi "kaya". N'zoona, ndimayesetsa. Koma mwezi wathawu mayi wina pachigayo anandifunsa ngati amuna anga anali munthu wabwino, ndipo ndisanaganize ndinali nditayamba kale kumuuza kumene ankanditengera. Ndinadziluma lilime nkhani ili pakati. Mayiyo ananyamula thumba lake chimanga chisanagayidwe.

Lichero sindinagulenso. Ndikakonola ndimapeta ndi beseni lapulasitiki, kuseri kwa nyumba, ndipo mphale yanga imatsala ndi madeya. Ndimadya choncho.